Chitini cha Polishi Chisanathe

Mwezi wa Okutobala kwathu kuno kwa Malemia, dzuwa likafika paliwombo, ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Anthu a kumtunda akabwera amati timakhala mu uvuni, ife n'kumangowaseka poti tinabadwiramo. Masana otere munthu sugona, komanso suli maso kwenikweni. Umangodzitaya pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, maso ali kutsidya kwa Shire, kumene phiri la Morumbala limaoneka ngati likuyandama pa utsi. Ine ndikakhala choncho, fungo la polishi limandipeza. M'nyumba muno mulibe polishi. Zidzukulu zanga zimavina nyimbo zotuluka m'kafoni kochepa, kopanda ndi thabwa lomwe loti munthu n'kupukuta. Koma fungolo limabwera ndithu, limadzakhala pafupi nane, ndipo ndimangoona zala zanga ziwiri zikuyenda zokha pabondo, kupita n'kubwera, kupita n'kubwera.

Amuna anga anali a gumbagumba. Ana a masiku ano mwina simukudziwa: amenewa anali makina oimba mbale ndi makaseti, oyendera batire ya galimoto, ndipo ukwati wopanda gumbagumba unkangofanana ndi msonkhano wa alimi a thonje. Iwo anabadwira kutsidya, m'munsi mwa phiri lomwelo, n'kuwolokera kuno akadali mnyamata. Anagulitsa nsomba zouma ndi mchere mpaka anagula makinawo. Masipika ake anachoka nawo ku Beira njira zisanatsekeke ndi nkhondo, koma mabokosi awiri oikamo masipikawo anakhomedwa konkuno ndi mmisiri wina wa paboma, ndi matabwa a mlombwa. Mabokosiwo ankandilekeza m'chiuno. Mtundu wake unali wa tiyi wopanda mkaka, ndipo mizere ya thabwalo inkayenda mokhotakhota, kukumana apa, kusiyana apo, mpaka pansi.

Akaitanidwa kuukwati, kaya ku Tengani kaya uko kwa Mlolo, mabokosiwo ankayenda atakulungidwa m'mabulangete athu ogona, ife n'kutsala ndi zitenje. Ankawaimika pamthunzi, n'kujambula mzere pansi ndi chala cha kuphazi, kuti aliyense wonyamula chipanda cha mowa asaudumphe. Nyimbo zikayamba, mawu ake ankakulowa m'mimba asanafike m'makutu. Ndimaonabe fumbi lofiira likukwera pakati pa migwalangwa, azimayi akuluza nthungululu, ndi amuna anga ataima pambali atanyamula kansalu, osavina, kumangodikira kuti fumbi litere kuti alipukute.

Ndinene zoona, ine ndinakwatiwa pamitala. Akazi aakulu anali mabokosi awiriwo, ine ndinali wachitatu. Loweruka lililonse m'mawa, dzuwa lisanakwiye, ankawakokera pafupi ndi khomo n'kukhala pakampando, chitini cha polishi pambali, vesiti yawo yakale yong'ambika m'khwapa ili paphewa. Malamulo ake anali ambiri kuposa a kutchalitchi. Madzi asayandikire. Kapu isaikidwe pamwamba, ngakhale mlendoyo akhale abusa. Mabokosi asatsamire khoma, chiswe chingawamve. Azikhala pa njerwa zootcha. Dzuwa lisawaone, chifukwa dzuwa la kuno limang'amba thabwa ngati chidendene cha mlimi. Nsalu yakutsogolo, kumene kumatulukira mawu, isalawe polishi. Imeneyo n'kungoisasa ndi nthenga za nkhuku basi.

Tsiku limene anandilola kugwira vesiti ija ndinali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Ndinayamba ndi mphamvu, ndikufuna kuwaonetsa kuti ntchito yake si yoti munthu n'kutayira m'mawa wonse.

“Amake mwana,” anatero, ngakhale mwanayo anali asanabadwe, “mukukwecha ngati mphika wa nyemba. Yambani mwachotsa fumbi ndi nsalu youma, apo ayi fumbilo likanda. Kenako zala ziwiri m'chitinimo. Ziwiri zokha! Tsono muzitsata mizere, kumene mtengo unkalowera pokula. Musaudule njira.”

“Kodi mtengo wakufa umamvanso kuwawa, bambo a mwana?”

“Wafa ndani? Uwu wangogona. Pakani, mudikire uume pang'ono, kenako mupukute mpaka muone nkhope yanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Ndinapukuta ndikung'ung'udza mpaka mkono unalema. Kenako, abale inu, nkhope inayamba kutuluka m'thabwamo pang'onopang'ono, ngati munthu akuvuuka m'madzi. Choyamba duku langa lofiira, kenako mphuno, kenako kuseri kwa phewa langa mano a amuna anga akuseka. Kalilole tinali naye, wamng'ono, wosweka pakona, koma sanandionetsepo wokongola chotero. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwachitira nsanje akazi anzangawo.

Nanenso ndinali ndi changa chopukuta. Kwathu kuno mkazi akamalowa m'banja, anankungwi amamulangiza kuti mwamuna akasamba madzulo azimudzoza mafuta a nsatsi, ndipo nsupa ya mafutawo sikhala poyera. Ndinkayenga ndekha: kukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kumayengula mafuta akayandama pamwamba. Ndikamawadzoza kumsana ankati, “Tsatani mizere, amake mwana,” ine n'kuwamenya kambama kofewa paphewa. Tinkakondana. Ndikunena poyera chifukwa ndakalamba, palibe angandichititsenso manyazi.

Nkhondo ya kutsidya itakula, anthu anayamba kuwoloka mtsinje chigulu. Ena ankafika atavala masaka, ena makungwa a mitengo. Paboma panadzaza, pabwalo la mpira panadzaza, kusiteshoni ya sitima nako chimodzimodzi. Amuna anga ankapita m'mawa uliwonse kukafufuza amayi awo, apongozi anga, amene anatsalira kumudzi kutsidyako. Tsiku lina munthu wa kwawo anawauza kuti mayiwo ali moyo, koma miyendo yatupa, sangayende okha. Atabwera kunyumba, chakudya sanachikhudze.

Ndinawaletsa. Ndinalira, ndinawalozera mwana wathu wamkazi amene anali atangoyamba kuima chogwirira. Iwo anamunyamula n'kumuika pamiyendo.

“Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo,” anatero. “Ndiziimbira anthu nyimbo kuno amayi akudya mizu m'tchire? Ndikangowabereka n'kubwera nawo.”

Tsiku lonyamuka linali Loweruka. Anatsegula chitini chatsopano chimene anaitanitsa ku Limbe pa sitima, chosakhudzidwa, pamwamba pake posalala bwino. Anadutsitsa zala ziwiri cha m'mphepete, n'kusiya timizere tiwiri tozama. Anapukuta mabokosi onse awiri mosafulumira, ngati munthu amene alibe ulendo. Atatha anatseka chitinicho n'kundiika m'manja.

“Muziwasamala akazi anzanuwa. Ichi chisanathe, ine ndabwera.”

“Ogo! Chitini chonsechi? Mukukakwatira kumeneko eti?”

Anaseka mpaka kutsokomola. Tonse tinkadziwa kuti ulendowo ndi wa masiku ochepa, pamene chitini chotero chinkadutsa chaka chisanathe. Ndinawaperekeza kudooko, mwana ali kumsana. Bwato linalowa m'mabango, malaya awo oyera n'kumaoneka, kubisika, kuonekanso, mpaka ndinalephera kusiyanitsa malayawo ndi akakowa.

Sabata inatha. Mwezi unakhala, unafa, unakhalanso wina. Tsopano ndine amene ndinkapita paboma kukayang'ana nkhope za obwera kumene. Ndinkafunsa m'Chisena, ndinkafunsa m'Chimang'anja: munthu wamtali, wa malaya oyera, wobereka mayi wokalamba. Ena ankati anamuona, ena ankangondiyang'ana ndi maso a anthu amene aona zambiri. Ndikabwerako ndinkadikira Loweruka. Likafika, ndinkachita zonse monga anandiphunzitsira, fumbi poyamba, zala ziwiri, kutsata mizere. Koma timizere tawo tiwiri tija m'chitini sindinkatikhudza. Ndinkatapa mbali inayo, n'kumazungulira. Poopa kuti kutentha kungasungunule polishi n'kufafaniza zala zawozo, ndinakumba kadzenje pamchenga wonyowa pansi pa mtsuko wa madzi akumwa. Chitini chinkagona pamenepo, pamalo ozizira kuposa pogona ine ndi mwana.

Gumbagumba sindinkaliza, batire inafa yokha pakona. Koma masana, mwana akagona, ndinkakhala pansi n'kutsamiritsa khutu pathabwa. Kaya mukhulupirira kaya ayi, m'mabokosi opanda moto aja munkamveka zinthu. Poyamba kaphokoso kakutali, kofanana ndi mtsinje nthawi ya dzinja. Ukadekha, nthungululu za maukwati akale zinkatulukira, zochepa, zakutali, ngati zikuchokera kumudzi wina. Nthawi zina ndinkamva nkhafi ikugunda m'mphepete mwa bwato, gu, gu, ikuyandikira, ikuyandikirabe, mpaka ndinkati ndidzuke ndikateleke madzi osamba. Ndinkadzidzimuka thukuta lili kamukamu, tsaya langa litadinda papolishi. Ndiye ndinkatenga vesiti n'kupukutapo.

Masiku amenewo a chipani akafuna chinthu sankapempha, ankangokudziwitsa. Tsiku lina anyamata awo anafika pakhomo: paboma pali msonkhano, kukubwera nduna, mabokosi akufunika. Kukana kunali kudziputira tsoka. Anawakweza pangolo ya ng'ombe opanda ndi bulangete lomwe, ine pambuyo wapansi. Atafika anawaimika pakati pa bwalo, padzuwa lenileni la Nsanje. Mayo ine! Ndinkamva ngati akuwamba khungu langa. Ndiye nzeru inandifikira. Ndinamasula nsalu ya chipani imene ndinamanga pamwamba pa ina, ija ya nkhope ya mwini dziko, ndinabwereka inanso kwa mnzanga wa kwaya, n'kuphimba mabokosi onse pamwamba ndi m'mbali, nkhopezo zikuyang'ana anthu. Mnyamata wina anatambasula dzanja kuti achotse.

“Achimwene,” ndinafunsa mokweza kuti apafupi amve, “mukufuna muwagwetse pansi mwini dziko, pafumbi?”

Dzanja linabwerera lokha. Tsiku limenelo wapampando anandiyamikira pagulu kuti ndine mayi wokonda dziko lake. Ndinavina nawo mpaka miyendo inawawa, koma diso limodzi linali pa mabokosi anga, kuona ngati mphepo yavundukula nsalu.

Amuna anga anali ndi mng'ono wawo, mlamu wanga, msodzi. Anali munthu wabwino mtima, kungoti za kachasu ankazidziwa kuposa za Baibulo. Dzinja litadutsa, linanso n'kudutsa, anayamba kubwera kudzakhala pakhonde, chipewa chili m'manja.

“Alamu, akuluakulu akuti tikhale pansi. Amene anawoloka nthawi ija, obwera anabwera. Tilire maliro, timete, katundu wa achimwene aone kolowera. Mabokosiwa atamalira m'maukwati, mwanayu sangamagone ndi nyika m'mimba.”

Sankanama. Chaka chimenecho tinkadya nyika, timizu takuda tija timazula m'dambo pansi pa maluwa a m'madzi. Ndipo pa mwambo wa kwa amuna anga, katundu wa mwamuna amapita kwa abale ake maliro akatha. Katundu wa munthu wamoyo mlamu sakanamugwira popanda mawu anga, koma wa munthu wakufa anali wake. Tsono kuvomera kumeta kunali kuvomera kuti amuna anga afa, pamene ine ndinali ndi mawu awo m'chitini. Ndinkalowa m'nyumba, kufukula pansi pa mtsuko, n'kudzamutsegulira pamaso.

“Chatha ichi, alamu?”

“Sichinathe.”

“Nanga mukufuna kulira ndani?”

Ankavala chipewa chake n'kumapita akupukusa mutu. Mawa lake ndinkapeza kamlamba kouma katapachikidwa pakhomo.

Koma chitini ndi chitini, sichibereka. Ndinayamba kuona chitsulo cha pansi. Zala ziwiri zinasanduka chala chimodzi, chala chimodzi n'kusanduka nsonga ya chikhadabo. Ndinayamba kudumphitsa Loweruka lina. Mpaka m'mawa wina ndinatsegula n'kupeza kuti kwatsala kachidutswa kokha cha m'mphepete, kamene kanali ndi timizere tiwiri tija. Ndinakhala nacho pamiyendo nthawi yaitali, nkhunda zikulira pa nimu. Ndikatapa apa, chatha. Chikatha iwo asanabwere, ndidzamuyankha chiyani mlamu, ndidzadziyankha chiyani ine? Ndinatseka n'kuchibwezera pamchenga.

Miyezi yotentha inafika ndi mphepo yake ya fumbi. Thabwa linayamba kutuwa, pakona ina panaoneka kamng'alu, nkhope yanga n'kumazimirira sabata ndi sabata. Polishi wotero paboma sankapezeka, ndipo munthu wodya nyika saitanitsa polishi ku Limbe. Ndiye ndinaganiza monga akanaganizira mkazi aliyense wa kwathu kuno: khungu likatuwa timatani? Nsupa ya nsatsi inali pomwe inkakhala, yodzaza, yosowa womudzoza.

Tsiku loyamba zinakoma, musaseke. Thabwa linadera bwino, mizere inadzuka, kamng'alu kaja kanabisika. Fungo la nsatsi linadzaza m'nyumba, fungo la madzulo athu. Sindinagwiritse nsalu. Ndinadzoza ndi manja anga, kuchokera pamwamba kutsika m'mbali, ndikutsata mizere. Ndinayamba kutero madzulo aliwonse ndikachoka kosamba, ndikuwauza nkhani za tsikulo: kuti mwana wayamba kulongolola, kuti mvuu zadya mbatata kudimba, kuti mng'ono wanu akulimbikirabe. Ndinkamva bwino, ndisaname. Ndinkamva ngati ndine mkazi wa munthu.

Kalanga ine! Thupi limamwa nsatsi, koma vanishi samwa. Mafuta anangokhala pamwamba n'kuyamba kunanda, ndipo chilichonse chouluka m'Nsanje chinadzakakamira pamenepo: fumbi, timapiko ta ngumbi, nthenga, tsitsi la mwana. Nyerere zinalambula msewu kuchokera pakhomo. Ndikawonjezera mafuta kuti ayere, ankaderaderabe. Mtundu wa tiyi uja unasanduka wa kunsi kwa mphika, nkhope yanga n'kusoweratu. Anansi anayamba kunong'ona kuti katundu akulira mwini wake. Ine ndinkawayankha kuti ndi fumbi chabe, asiye kulosera, koma mumtima ndinkaopa.

Apongozi anga anafika masana ena a chilimwe. Mlamu ndiye anawapeza kudooko pakati pa obwera kumene, n'kubwera nawo panjinga yobwereka. Anali atachepa ngati kamwana, atavala saka, mapazi ong'alukang'aluka. Ndinayang'ana kuseri kwa njinga, ndinayang'ana kunjira, kudikira munthu wachiwiri. Kunjirako kunali mbuzi zokha. Sindinafunse, poti mlendo safunsidwa asanamwe madzi. Ndinagwada n'kuwapatsa chikho.

“Takhuta, mwananga,” anathokoza.

Ndinawatelekera madzi osamba, ndinawapatsa nsalu yanga ya kutchalitchi, kenako ndinawalowetsa m'nyumba kuthawa dzuwa. Maso awo atazolowera mdima, anaona mabokosi aja. Anayendetsa chala pamwamba, chalacho n'kukakamira. Anachinunkhiza.

“Nsatsi,” anatero. Ankalankhula Chisena, koma ndikunena monga ndinamvera. “Mwananga, mafuta awa ndi a thupi la mwamuna wako. Wadzoza matabwa?”

“Anatuwa, amayi.”

Anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kumayang'ana zala za kumapazi kwawo. Mlamu anakhala pakhomo atavula chipewa. Pamenepo ndinadziwa.

“Anafika,” anayamba apongozi. “Anandipeza. Anandibereka kumsana monga ndinkamuberekera ine. Tinayenda mpaka tinayamba kuona migwalangwa ya m'mbali mwa mtsinje. Pamenepo asilikali a m'tchire anatipeza. Anamuuza kuti anditsitse, asenze katundu wawo. Iye anati sangasiye mayi ake panjira. Sanamuuze kawiri.”

Kenako anapitiriza.

“Anandilola kumukwirira asananditengere kumsasa kwawo kukawasinjira. Ndinakumba ndi phale, pamchenga. Ndinalibe madzi omusambitsa. Ndinalibe ngakhale dontho la mafuta. Anapita wotuwa, mwana wanga, ndipo zakhala zikundiwawa masiku onsewa.” Ananunkhizanso chala chija, n'kuyang'ana mabokosi akuda aja. “Kani mafuta ake ankadzolera kuno.”

Ine misozi inali isanabwere. Ndinali ndi funso limodzi lokha.

“Zinachitika liti, amayi?”

“Nthawi yomweyo. Mwezi umene anawolokera usanafe.”

Mwezi umenewo chitini chinali chikadali chodzaza. Ndinali nditangotapamo pang'ono chabe. Maloweruka onse aja, kukangana konse ndi mlamu, nkhafi zonse zimene ndinkamva m'thabwa, munthuyo anali atagona kale pamchenga kutsidya, pafupi poti munthu utakwera mtengo n'kuonapo. Ndinalira mpaka mawu anandithera. Ndinawakwiyiranso, inde, ndinawakwiyira chifukwa chondisiyira mawu okoma chotero.

Tinalira maliro opanda mtembo. A kwaya anaimba, akuluakulu a kuchimuna anakhala pansi pa nimu, ndipo tsiku lometa litafika lumo linadutsa m'mutu mwanga mpaka ndinamva mphepo pamene ndinali ndisanaimvepo. Tsopano mabokosi anali a mlamu, ndipo ndinalibe choti n'kumutsegulira pamaso.

Anabwera patapita masiku, wopanda ngolo, atanyamula botolo la kachasu, uja woyamba kudontha, wa mutu. Ndinati wayamba kumwera pakhomo pa namfedwa, ndipo ndinatsala pang'ono kumuthamangitsa ndi tsache.

“Si wakumwa uyu, alamu,” anatero msanga. “Ndinapita kwa mmisiri uja. Akuti nsatsi imamvera kachasu. Muzinyowetsa kansalu pang'ono, osathira, n'kumapukuta kamalo kamodzikamodzi. Sindingaimike mabokosi a achimwene pamaso pa anthu ali chonchi. Ndipo sindiwanyamula inu musananene.”

Tangoganizani, ine wa kwaya, m'nyumba mwanga mukununkha kachasu sabata yathunthu! Abusa anabwera kudzandipepesa, anakhala pang'ono, anafwenkha mphuno, n'kupemphera pemphero lalitali kwambiri. Apongozi anaseka koyamba chifikire, mpaka anadzigwira nthiti. Koma ntchito inkayenda. Nsanza zinkachoka zakuda bii, pansi pake mlombwa n'kumatuluka, wotuwa koma woyera, mizere yake ili yonse monga kale. Apongozi ankandichapira nsanza, mwana n'kumatola timapiko ta ngumbi.

Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakwiye, ndinawakokera pafupi ndi khomo. Ndinakhala pakampando kaja, vesiti ili paphewa. Mlamu anali panja pansi pa nimu, akusoka ukonde. Ndinachotsa fumbi ndi nsalu youma, ndinasasa nsalu yakutsogolo ndi nthenga. Kenako ndinafukula chitini pansi pa mtsuko. Chinali chozizira m'manja. Timizere tiwiri tija tinali pomwepo, ngati tadutsitsidwa dzulo. Ndinalowetsamo zala zanga ziwiri. Zawo zinali zazikulu, zanga zinakwana n'kutsala malo. Ndinakhala choncho pang'ono, kenako ndinatapa.

Polishiyo anakwana mabokosi onse awiri, mopyapyala. Ndinatsata mizere, sindinaudule njira mtengo. Ndinadikira kuti uume. Ndiye ndinayamba kupukuta, kupita n'kubwera, kupita n'kubwera, mpaka mkono unalema, mpaka thabwa linayamba kuwala ndipo munthu anayamba kuvuuka m'menemo. Anali mayi wometa mpala, wa masaya olowa. Ndinayang'ana kuseri kwa phewa lake. Kunali khomo lotseguka ndi kuwala kwa panja basi.

Ndinapinda vesiti n'kuiika pamwamba pa bokosi kuti ipite nawo.

“Alamu,” ndinaitana, “kabwerekeni ngolo, mutengenso mabulangete. Chatha.”